Akaunti ya Ababa

Panyanja, kumbali ya Peru
24 Malichi

Mayi a Tongtong, ndi iwe Yatong, Tongtong mwana wanga,

Moni nonse awiri. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ndi womwe uja, ndipo zala zang'ambika ndi madzi amchere. Kaya inu kumeneko? Kuzizira kwatha?

Sitima yodzatenga nsomba zathu yafika dzulo, ndiye thumba la makalata linatsegulidwa. A Fan, ophika athu, analandira makalata atatu, mpaka anapsereza mpunga ndi kuwerenga. Ine ndinalandira imodzi, ya mu Januwale, ya mizere isanu ndi umodzi, ndipo mizere inayi inali ya mpope wa kubafa womwe ukudontha. Mayi a Tongtong, inki yakwera mtengo kodi? Mukudziwa kuti thumbali limatenga masabata asanu ndi limodzi kuti lifike, ndipo lina sitiliona mpaka kumayambiriro a Juni. Makina a setilaiti oimbira foni ndi kutumizira uthenga alipo, koma kaputeni amawachitira nsanje kuposa mkazi wake. Munthu sawayandikira pokhapokha kwawo kukagwa maliro.

Tongtong, mpikisano wako uja wa pa intaneti ndi wa pa 20 Epulo, eti? Kuno onse akuudziwa, ndawatopetsa nawo. Ndimawauza kuti mwana wanga anaimitsa makalasi onse chaka chapitacho, sakhudzanso kemisitili kapena mbiri yakale, amangolemba mapulogalamu a kompyuta m'mawa mpaka madzulo. Akalowa m'gulu la ana makumi asanu oyamba apita ku kampu ya dziko lonse, ndipo ochita bwino kumeneko amalowa ku yunivesite osalemba mayeso akulu aja. A Fan akuti kumeneko n'kutchova juga ndi mwana. Ndinawauza kuti ayang'ane mpunga wawo.

Koma kunena zoona, mwanawe, mtima umandigunda. Chaka chino n'chomaliza kwa iwe, ndikudziwa.

Akaunti ija unanditsegulira ndi nambala ya chiphaso changa, yoti ndizionera mndandanda wa opambana, ndinailowa tili padoko mu Disembala. Dzina lako ndinalipeza. Chondiseketsa n'choti pansi pa dzina langa panalinso mapointi! Ine Meng Dashun, amene kompyuta ndimaizimitsa pozula nthambo! Anthu ako a mpikisanowo ngopatsa ndithu.

Ndilembereni zambiri. Ngakhale za mpope zomwezo.

Wanu,
Dashun

*

Zhoushan
21 Epulo

Ababa,

Moni. Muli bwanji kunyanjako? Msana uli bwanji? Ife tili bwino.

Ndalowa! Ababa, ndalowa! Nambala 31 mwa makumi asanu aja. Tinalipo ana oposa zikwi zinayi, aliyense kwawo pa kompyuta yake, maola asanu, mafunso asanu ndi limodzi. Ine ndinakhoza anayi. Funso lachinayi linandizunza ola lathunthu ndi theka, ndinatafuna pensulo mpaka kuithyola.

Ndikufotokozereni, kuti mukawauze bwino a Fan. Ukatumiza pulogalamu yako, makina amaiyesa pomwepo. Ikakhoza amakuonetsa chobiriwira, ikalephera chofiira. Chofiira chilichonse amakuwonjezera mphindi makumi awiri, ndipo anthu amene akhoza mafunso ofanana amawasiyanitsa ndi mphindi zimenezo. Okhoza anayi tinalipo pafupifupi zana. Ine ndinalibe chofiira ngakhale chimodzi, ndipo n'chimene chandilowetsa.

Amayi anagula nkhanu zinayi zikuluzikulu, ankadya akulira. A Bian, kochi wathu, anandigwira paphewa, munthu woti chiyambire sanandiyamikirepo. Kampu iyamba pa 8 Julayi.

Mwana wanu,
Yatong

*

Zhoushan
27 Epulo

Ababa,

Moni. Sindikudziwa poyambira. Kalata yanga ya pa 21 ili m'thumba lomweli, mwina mwayamba kuwerenga imeneyo. Musasangalale nayo. Dzina langa alichotsa pa mndandanda.

Komiti ya mpikisano ili ndi makina ofananiza mapulogalamu a anthu onse. Apeza kuti anga anayi akufanana ndendende ndi a munthu wina, ndipo munthuyo ankatumiza ake patatsala mphindi ziwiri kuti ine nditumize anga. Munthuyo ndi Meng Dashun, wa zaka 46. Ndinu, ababa. Akuti inu ndi amene munkandilembera mayankho, ine ndinkangokopera.

Zoona zake ndi izi, ndipo ndikuchita manyazi polemba. Akaunti yanu ija ndi ine ndimaigwiritsa ntchito. Ndikalemba pulogalamu, ndimayamba ndaiponya pa akaunti yanu. Ikaonetsa chofiira, chilango chimagwera inu, ine n'kukonza. Ikaonetsa chobiriwira, ndiye ndimaiponya pa yanga. Ana ambiri a gulu lathu ali ndi akaunti yachiwiri, timaitcha yaing'ono, koma iwo amaiseweretsa pa timipikisano ta Loweruka topanda ntchito. Ine ndinachita pa mpikisano weniweni. Malamulo amakaniza, ndinkadziwa. Koma m'mawa umenewo ndinkangoganiza za mphindi makumi awiri zija, ndipo ndinaitsegula.

Mapulogalamuwo ndi anga, ababa, mzere uliwonse. Palibe amene anandithandiza. Akunditcha wobera, ndipo sindinabere munthu. Mukanakhala pafupi mukanawauza nokha kuti simudziwa ngakhale pamene pali batani lotumizira.

Atipatsa mpaka pa 15 Juni kuti tiyankhe. Ndaika m'envulopu muno chithunzi cha kalata yawo. Amayi ndawauza dzulo, sanandikalipire, anangokhala pansi pakhitchini. Bola akanandimenya.

Thumba linyamuka mawa. Ndichite chiyani, ababa? Ndikabwerera m'kalasi ndikayambira pati?

Yatong

*

Zhoushan
12 Meyi

Bambo a Tongtong,

Moni. Kalata yanu ya mu Malichi yafika. Mukufunsa ngati inki yakwera mtengo? Lero ndikulemberani mpaka maso akuwaweni, ndipo muwerenge kawiri, chifukwa ndikukudziwani, mumawerenga mzere woyamba basi n'kuyamba kuthamanga.

Za mwana mwamva m'kalata yake. Sakudya. Amangokhala pabedi atayang'ana khoma. Ine ndinajomba ku fakitale masiku awiri, ndinapita kukaonana ndi a Bian. Ndinalowa mu ofesi mwawo ndi fungo langa la nsomba, ndinalibe nazo ntchito.

Ndinati, "Aphunzitsi, bambo ake ali kunyanja chaka ndi theka tsopano, ndipo munthuyo ngakhale rimoti ya TV imamuvuta. Tikangowauza zimenezo si basi?"

Iwo anapukusa mutu. Akuti, "Mayi, mukawauza kuti bambo ali kunyanja, afunsa kuti nanga ankatumiza ndani. Yankho ndi mwana. Chilango cha maakaunti awiri n'kuletsedwa chaka chimodzi. Yatong ali ndi chaka china?"

Alibe. Ndinati nanga tikangokhala chete? Akuti zaka zitatu, ndi dzina la wobera pamwamba. Apo ndiye ndinakweza mawu, sindibisa. Ndinati, "Nanga mwanayu munamutulutsiranji m'kalasi? Miyezi khumi ndi isanu! Akalembe mayeso akulu ndi chiyani m'mutumo, manambala anuwo?" Iwo anayang'ana pawindo, kenako anati, "Ine sindinakuuzeni kanthu. Koma mwana amene waberedwa salangidwa. Wolangidwa ndi wakubayo."

Ndinamva. Ndalembera komiti kalata m'dzina lanu. Mwalemba kuti sabata imeneyo munali kunyumba patchuthi. Mwalemba kuti makompyuta athu awiri ngolumikizana, ndiye mwana akasunga pulogalamu kuchipinda kwake, inu munkaiona pabalaza n'kuitumiza pa akaunti yanu iye osadziwa, kuti mukadzitamire kwa anzanu a kumowa. Mwapepesa kwambiri. Chidindo cha dzina lanu chija munasiya m'dirowa ndachidinda pansi pake. Inde, ndakusandutsani chidakwa ndi wakuba. Uchidakwawo ndakunamizirani, koma kudzitama ndiye mumatha.

Ndinapita ku ofesi ya kampani yanu kuti akuuzeni pa setilaiti. Mtsikana wa pakauntala, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Wamwalira ndani?" Ndinatsala pang'ono kupha amayi anu ndi pakamwa. Koma uthenga umadutsa m'manja mwa kaputeni, ndiye ndikanati chiyani? Uzani a Meng kuti ali kunyumba? Ndinabwerera. Thumba linyamuka pa 3 Juni.

Tsono tamverani. Musachite kanthu. Musalembere munthu aliyense. Musandithandize, chonde, musandithandize. Khalani phee, gwirani nsomba zanu.

Ndikuopa, bambo a Tongtong. Chibadwire sindinanamepo papepala. Podinda paja dzanja linaterereka, chidindo chinatuluka chopendekeka, ndipo ndinatumiza choncho.

Shufen

*

Zhoushan
30 Meyi

Ababa,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Dzina langa labwerera pa mndandanda dzana, pa 28. Nambala 31 yomwe ija. Akaunti yanu aitseka mpaka kalekale.

Asanagamule anandiitana pa vidiyo. Anali atatu. Mayi wina wa magalasi anandiuza kuti ndifotokoze momwe ndinaganizira funso lachinayi. Ndinafotokoza mphindi makumi awiri, ndikujambula papepala, mpaka ndinaiwala kuti ndili pa mlandu. Mayiwo anamwetulira, anati njira yanga inali yaifupi kuposa yawo. Kenako bambo amene anali pambali pawo anafunsa kuti, "Bambo ako anali kuti tsiku la mpikisano?"

Amayi anali ataima kuseri kwa kompyuta, kumene kamera siona, atagwira mpando ndi manja onse awiri. Ndinati, "Anali pabalaza."

"Ankamwa?"

Ndinati, "Eya."

Pa tsamba la mpikisano alembapo kuti kholo lina linaba mapulogalamu a mwana wake. Dzina sanatchule, koma kusukulu aliyense akudziwa. Peng Zihao, uja amakhala pafupi nane m'chipinda cha makompyuta, dzulo anakuwa kuti, "Yatong, tibwereke bambo ako Loweruka, mapointi anga atsika! Mowa ndigula ndine!" Onse anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka nawo, kenako ndinapita kuchimbudzi kukasanza.

Ababa, inu simumwa ngakhale pa Chaka Chatsopano, mumangonyowetsa milomo kuti amalume asakwiye. Ndakugulitsani ndi mawu awiri. Ndimayesa kukonzekera kampu, ndimatsegula funso, ndimawerenga katatu osamva kanthu. A Bian akuti ndiiwale, zatha. Amayi akuti mukadzamva mudzaseka. Mudzaseka kodi?

Amayi akuti ndikukumbutseni: musachite kanthu. Zonse zili bwino tsopano. Ndikhululukireni.

Yatong

*

Panyanja
9 Juni

Tongtong mwana wanga,

Moni. Pukuta misozi. Bambo ako akonza zonse.

Thumba linafika pa 6, muli makalata ako awiri a mu Epulo. Ndinayamba ndi ya pa 21. Ndinathamanga sitima yonse ndikukuwa kuti nambala 31, a Fan mpaka anandiwonjezera dzira. Kenako ndinakhala pansi n'kutsegula yachiwiri.

Za akaunti yaing'onoyo walakwa, tidzakambirana ndikadzabwera, koma zimenezo n'zachibwana, mwana aliyense amachita mantha. Chachikulu n'choti akukutcha wobera, ati ine ndinakulembera. Ine! Wati ndikanakhala pafupi ndikanawauza ndekha. Ndawauza, mwanawe.

Sizinali zophweka. Ndinakwera kwa kaputeni ndi kalata ya komiti ija. Anati, "Meng, kwanu kwagwa maliro?" Ndinati, "Ayi bwana, koma mukapanda kundithandiza agwa." Anandithamangitsa. Tsiku lachiwiri ndinapitanso, anati makina si a ana asukulu. Tsiku lachitatu ndinagwada pakhomo pake, anthu onse akuona, munthu wamkulu ngati ine. A Fan anabwera ndi chikombe m'manja, anati, "Bwana, munthuyu sadzuka apa, ndipo watseka njira ya chakudya chanu." Kaputeni anatukwana, kenako anati, "Mwezi wathunthu m'chipinda cha ayezi, ndipo padoko sutsika." Ndinavomera asanamalize kunena.

Anatsegula buku la ulendo wa sitima, tsamba la pa 20 Epulo. Palembedwa pamene tinali panyanja, ndi mayina a onse amene anali pa ntchito, langa lili lachisanu ndi chiwiri. Anadinda chidindo chake chachikulu chofiira. Pansi pake ndinalembapo ndi dzanja langa kuti: Ine Meng Dashun sindinaponde kwathu kwa miyezi khumi ndi isanu ndi inayi. Sindidziwa kulemba pulogalamu. Mwana wanga si wobera.

Anandilola kutumiza kamodzi kokha. Anati sankha, kwanu kapena kwa anthu akowo. Ndinafuna kumva mawu ako, ndinafunitsitsa, koma tsiku lomaliza ndi pa 15. Ndinasankha komiti. Pepala lapita lero m'mawa, ndinaima pomwepo mpaka makina analira kuti lafika.

Ukamawerenga kalatayi udzakhala uli ku kampu, amayi ako adzachita kukutumizira. Uzidya, usamangotafuna mapensulo. Uwauze amayi ako kuti asiye kudandaula. Amakonda kunena kuti mwamuna wa kunyanja ndi chithunzi cha pakhoma, sathandiza kanthu. Lero aone.

Bambo ako

*

Zhoushan
13 Juni

Bambo a Tongtong,

Moni sindikupatsani. Mwachita chiyani? Mwachita chiyani inu?

A Bian anandiitana dzulo ndili pa ntchito. Ndinapeza atatsegula mapepala awiri pa kompyuta yawo, lina kumanzere lina kumanja, monga mmene komiti yawatumizira. Limodzi lili ndi chidindo chanu, likuti munali pabalaza mukumwa. Linalo lili ndi chidindo cha kaputeni, likuti munali pakati pa nyanja mukukoka nsomba. Malemba anu ndinawazindikira ndikadali pakhomo, opendekeka aja ngati akuthawa mphepo. "Mwana wanga si wobera." Mayo ine!

Dzina alichotsanso. Tsopano si za akaunti zokha, ati tinanamiza komiti, ndipo mwana anawanamiza pamaso. A Bian aja, omwe ankayang'ana pawindo, lero akuti iwo sakudziwapo kanthu, ndipo ndisawatchule. Ndinafuna kuwagenda ndi kapu yawo ya tiyi.

Ndawerenga masiku, musaganize kuti ndine wopusa. Ndikudziwa kuti kalata yanga simunailandire, idakali m'thumba pakati pa madzi. Ndikudziwa. Koma ndikalipire ndani? Nyanja? Mtsikana wa pakauntala uja? Zaka makumi awiri ndimakupemphani kuti muchitepo kanthu pakhomo pano, mumangoti tiona, tiona. Tsiku limodzi lokha loti mukhale chete, ndiye mwadzuka ndi mphamvu zonse! Mwana anali atalowa, bambo a Tongtong. Chikwama cha ku kampu ndinali nditagula kale, chili pansi pa bedi.

Nditafika kunyumba ndinamuuza. Sanalire. Anapempha foni yanga, pamene ndinajambulira pepala lanulo, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ababa anagwada kuti apeze pepala limeneli." Ndinati ukudziwa bwanji? Anati, "Ndikuwadziwa." Apo ndiye ndinalira ndine, ngati mwana, iye n'kumandisisita pamsana.

Wonama ndine, ndikudziwa. Ndine ndinatsegula dirowa. Koma mukanakhala pano, mukuona mwana akuwonda tsiku ndi tsiku, mukanachita chiyani? Ndiuzeni.

Atiitana pa 24. Ndikawauza kuti zonse ndi ine, andimange ngati akufuna, mwana amusiye. Sindikudziwa ngati akandimvera.

Shufen

*

Zhoushan
26 Juni

Ababa,

Moni. Ndikhulupirira msana ukupepuka. Ndikulemberani ndine chifukwa amayi akuti alibenso mawu.

Tinaonana ndi komiti dzana, pa vidiyo, atatu omwe aja. Amayi anavala bulauzi yawo ya ku maukwati. Asanafunsidwe anayamba kulankhula, anati kalata analemba ndi iwo, chidindo anadinda ndi iwo, ine anandikakamiza. Bambo uja anati, "Mayi, wopikisana si inu. Tikufuna timve kwa mwana."

Ndinanena zonse. Za akaunti yaing'ono, za mphindi makumi awiri, ndiponso kuti pamene ndinkati munali pabalaza palibe amene anandigwira pakhosi. Amayi ankanditsina pantchafu kuti ndisiye, sindinasiye. Ndinatopa, ababa.

Mayi wa magalasi uja sanamwetulirenso. Anati, "Tsiku la mpikisano, pa akaunti ya bambo ako unapeza zofiira zingati?"

Ndinati, "Palibe."

"Mapulogalamu onse anayi anakhoza ulendo woyamba?"

"Eya."

"Ndiye unkaopa chiyani, mwana iwe?"

Anavula magalasi, anatikita m'maso, kenako anawerenga chigamulo. Zaka zitatu. Malo anga apatsa mnyamata amene anali nambala 51.

Dzulo ndabwerera m'kalasi. Desiki yanga yakale anakhalapo wina, andiika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi masache. Aphunzitsi a kemisitili atandiona anati, "Meng Yatong, wabwera kudzationa kapena wabwereratu?" Ndinati ndabwereratu. Tsiku lomwelo kunali kayeso, ndapeza 19 pa 100. Pakona ya bolodi amalembapo masiku otsala kuti tilembe mayeso akulu, ndipo m'mawa uliwonse wina amafufuta n'kuchotsapo limodzi. Anzanga akubwereza buku lachitatu. Ine loyamba ndafika tsamba 40.

Peng Zihao anandipeza pa nthawi ya chakudya, anandiikira dzira lake pa mpunga wanga n'kuchoka. Bola akanandinena.

Kompyuta ndaiphimba ndi nsalu. Koma chondipweteka n'choti ndikamawerenga kemisitili, mutu umapanga wokha njira ya funso lachisanu lija ndinalephera. Ndaipeza, ababa, Lachiwiri lapitali. Ndilibe woti ndimuuze.

Musadziimbe mlandu. Sindikudziwa kuti kalatayi idzakupezani liti, amayi akuti thumba lina ndi la pakati pa Julayi. Musakwiyire amayi. Mubwere bwino.

Mwana wanu,
Yatong

*

Panyanja
16 Julayi

Mayi a Tongtong, Tongtong,

Moni. Thumba lafika dzana. Muli makalata awiri, yanu ya pa 12 Meyi, ndi ya mwana ya pa 30 Meyi. Palibe ina.

Ndinatuluka m'chipinda cha ayezi, momwe kaputeni akundisungabe ngakhale mwezi uja unatha, a Fan n'kundipatsa. Ndinatsegula ndikumwetulira, ndinkaganiza kuti mwayamba kundiyamikira. Munati ndiwerenge kawiri. Ndawerenga kasanu ndi kawiri.

Musachite kanthu. Musalembere munthu aliyense.

Ndawerenga masiku pa zala, ndabwerezanso papepala, ndapempha a Fan awerengenso mwina ine ndikulakwitsa. Dzina la mwana linabwerera pa 28 Meyi. Ine ndinatumiza pepala langa pa 9 Juni. Masiku khumi ndi awiri. Pamene ndinkagwada pakhomo pa kaputeni, mwana wanga anali atalowa kale.

Ndinathamangira kwa kaputeni, ndinati bwana, pepala lija libwezeni. Anandiyang'ana ngati wamisala, anati, "Meng, latha mwezi ndi sabata." Ndinati ndiye ndiimbire kunyumba, mphindi imodzi yokha. Anati tinapangana kamodzi. Ndinati mwezi wina m'chipinda cha ayezi, miyezi iwiri, mpaka ulendo udzathe. Anatseka chitseko. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka a Fan anabwera kudzandikoka.

Mayi a Tongtong, sindinakwiye. Mukanandilemba kuti ndine chidakwa, wakuba, wakupha, zonsezo ndikanadinda ndekha ndi manja awiri. Munachita bwino. Inu ndi amene munaganiza, ine ndinangothamanga.

Tongtong, wafunsa ngati ndidzaseka. Sunandigulitse, mwanawe, usamasanze chifukwa cha ine. Bambo ndi wa chiyani ngati sangakhale pabalaza pamene mwana wake akufuna kuti akhale pabalaza?

Kalata yanga ya pa 9 Juni ikufikani masiku omwe ano. Musaitsegule. Ngati mwatsegula kale, mundikhululukire mawu omaliza aja.

Ndimadziuza kuti mwina pepalalo linasochera. Makina a kaputeni ngakale, nthawi zina amatumiza zinthu zosawerengeka. Mwina komiti inali itatseka kale nkhaniyo, palibe amene anayang'ananso. Mwina mayi wa magalasi uja, amene anakonda njira yako, analiona n'kuliika pansi pa mapepala ena. A Fan akuti n'zotheka. Akamanena amayang'ana mumphika.

Sitima yonyamula nsomba inyamuka mawa, thumba lina lidzabwera kumapeto kwa Ogasiti. Sindikudziwa kuti masabata asanu ndi limodziwa ndiwadutsa bwanji. Sindikudya. Dzulo ndinadzicheka chala ndi mpeni, ndinachita kuuzidwa ndi mnzanga kuti magazi akutuluka.

Lero ndi pa 16. Kampu inayamba pa 8. Mwana wanga, uli kumeneko? Usalembe zambiri, mzere umodzi wokha ukwana. Ndiuze kuti uli kumeneko.

Bambo ako